Kamba wa Zopondera Ziwiri

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Kubusa mbuzi ndi kujomba kusukulu aliyense anachitako, palibe chachilendo pamenepo. Chomwe ndikufuna chitsale papepala ndi ntchito ya manja angawa, makamaka nkhani yomwe amayi anu amati ndimaizemba ikangoyambika pakhonde: mmene ine Mbewe, makaniko wa pamishoni, ndinachotsera a Sisitere Felista pachiwongolero, ntchito yawo ya m'midzi nkuthera pomwepo. Alipo anthu mpaka lero omwe amati ndinalakwa. Werengani kaye mpaka kumapeto, muweruze nokha.

1974 mpaka 1988

Ntchito yanga yoyamba inali pagalaja ya Che Ajibu, pa Dedza boma m'mbali mwa msewu waukulu. Che Ajibu anali Msilamu wamtali, wa mawu ochepa, wogulitsanso masipeya m'kasitolo ka kutsogolo. Tsiku langa loyamba kunabwera lole ya mbatata ikutsokomola, ine pofuna kuonetsa changu ndinathamangira sipanala nkuyamba kumasula. Anabwera mwakachetechete nkundilanda sipanalayo. "Iwe, wodwalayu wamufunsa pomwe pakuwawa?" Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo sanaseke. Anandikhazika pambali pa injini ola lathunthu, manja m'thumba, kuti ndizingomvera. Zaka zisanu ndinakhala nawo, ndipo chachikulu chomwe ndinatengako n'chimenecho: usamasule chinthu usanamvetse chomwe chikudandaula. Sindikudzitama, koma pochoka pamenepo ndinkatha kutchula vuto la galimoto isanalowe n'komwe pageti.

Mu 1979 ndinalembedwa ntchito pamishoni ina kumapiri kuno, yomwe inu mukuidziwa bwino poti munabadwira pomwepo. Pakalata analemba kuti dalaivala, koma aaa, panalibe chachitsulo chomwe sichinkadikirira ine: lole, chigayo, jenereta, pampu ya madzi, ngakhale chingwe cha belu chikaduka ankaitana Mbewe. Ansembe ndinaona atatu akusinthana. Woyamba ankakalipa asanapereke moni, wachiwiri ankapereka moni nkuiwala chomwe wakuitanira, ndipo wachitatu, Abambo Lukasi, anali wachinyamata wokonda misonkhano. Koma bwana wanga weniweni, ngakhale pakalata sanalembedwe, anali a Sisitere Felista, mkulu wa chipatala. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, mwendo wamanzere wopuwala kuyambira ali mwana. Ankayenda motsamira ndodo, koma ukatsagana nawo wotsalira m'mbuyo unkakhala iwe.

1989

Dokotala wina wa ku Jeremani, yemwe anathandiza pachipatala chathu kwa zaka zingapo, pobwerera kwawo anasiyira a Sisitere kagalimoto kake. Kanali kakalekale ngakhale pa nthawiyo, kobiriwira, ka msana wozungulira, injini kumbuyo, malo a katundu kutsogolo, ndipo madzi sikankamwa, kankazizira ndi mphepo basi. Ana a pamishoni anakatcha Kamba, dzina nkukhala lomwelo. Chomwe anasiyira a Sisitere osati wansembe n'chakuti Kamba anali ndi zopondera ziwiri zokha, buleki ndi moto. Munthu wa mwendo umodzi wabwino ankatha kumuyendetsa. Dokotalayo anandipatsa buku la Chijeremani lomwe ndinangowerengamo zithunzi, kenaka anandigwira dzanja nkuliika pa ndodo ya giya. Chichewa chake chinali chothyokathyoka koma ndinamva. "Gwira, sintha, siya. Dzanja osagona apa."

Mverani bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Anthu ankati Kamba alibe kilachi. Bodza limenelo. Kilachi anali nayo, kungoti siinkapondedwa ndi phazi. Magiya unkasintha wekha ndi dzanja monga galimoto ina iliyonse, koma patsinde pa ndodo ya giya panali tizitsulo tiwiri toyang'anizana, totalikirana pang'ono zedi. Ukangoikhudza ndodoyo tizitsuloto tinkagundana, magetsi nkuthamangira kumbuyo kukatsegula valavu. Injini iliyonse imayamwa mpweya, ndiye valavuyo ikatseguka, mphamvu yoyamwayo inkakoka mphira wa m'kachitini kena, mphirawo nkukoka kilachi. Ukachotsa dzanja, kilachi inkagwiranso. Ndiye kuti dzanja lako ndilo linkagwira ntchito ya phazi. Pakati pa injini ndi magiya panalinso chinthu chonga mphika wotsekedwa, chodzaza mafuta ofiira, chomwe chinkalola galimoto kuima ili m'giya osazima. Zinanditengera miyezi itatu ndikugona pansi pake kuti ndimvetse zonsezi, koma nditamvetsa, m'boma lonse lino panalibe wondiposa pa Kamba.

Mukudziwa kuti kwathu kuno galimoto ikakana kulira amuna amavula majekete asanapemphedwe. Tsiku lina batire linafooka kumudzi wina kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, a Sisitere ali ndi namwino okha. Amuna a m'mudzimo anamukankha Kamba kuchokera pachitsime mpaka kusukulu, kubwerera, kupitanso, thukuta kamukamu, iye ali duu. Sankadziwa kuti mafuta a mumphika muja sangazungulitse injini pa liwiro la miyendo ya munthu. Nditafika panjinga ndi batire lina ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo akupuma wefuwefu, mkulu wina akuti, "Galimoto imeneyi ndi yamwano, yatengera eni ake." Ndinalumikiza mawaya, Kamba nkulira kamodzi kokha, ndipo mkulu uja anatembenukira kumbali osafuna n'kumuona komwe.

Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse a Sisitere ankanyamula namwino wathu, Mayi Nangozo, sikelo yopimira ana ndi bokosi lozizira la katemera, ulendo kumidzi ya cha ku Lobi ndi ku Chongoni. Ndinapempha kangapo kuti ndiziwayendetsa, iwo nkukana. Tsiku lina ndikuthira petulo anandiuza chifukwa chake. "A Mbewe, ine ndinapita kusukulu pamsana pa achimwene anga mpaka Sitandade 4. Moyo wanga wonse ndakhala wonyamulidwa. Kambayu ndiye mwendo wanga wamanzere." Anandiuzanso za nyumba ya masisitere okalamba ndi odwala, kutali kuchigwa kotentha, komwe akuluakulu awo ankatumiza aliyense amene thupi layamba kumukana. Iwo ankati kumeneko ndi kodikirira belu. "Ine kumeneko ndidzapita nditagona chagada, osati ndikupenya," anatero, nkuliza hutala kuti ndichoke panjira.

1992

Chaka cha chilala chija zinthu zinasowa, ndipo mafuta ofiira anasowa nawo. Ndinafunafuna pa boma, ndinakwera basi mpaka ku Lilongwe, ayi ndithu. Dalaivala wina wa lole anandilangiza kuti, "Thirani oyilo wa injini, mafuta ndi mafuta." Ndinamufunsa ngati iye akadwala malungo amamwa palafini poti nayenso ndi wamadzimadzi. Amene anandipulumutsa ndi Che Ajibu. Anagwada kuseri kwa kauntala nkutulutsa zitini ziwiri zadzimbiri zomwe anasunga kalekale. "Izi ndimadziwa kuti mwini wake adzabwera," anatero. Ndinkathira pang'onopang'ono ngati mankhwala a m'maso, ndipo dontho lililonse lotayikira pansi ndinkalitsata mpaka nditapeza pomwe lachokera.

Mapaipi a mpweya ankang'aluka ndi chisanu chathuchi. Ndinkawafufuza ndi khutu, injini ikulira motsitsa, kumvera kamluzu komwe kamamveka mpweya ukamaba njira. Mphira wa m'kachitini utabooka, watsopano kunalibe, ndiye ndinadula chubu cha thirakitala, kuchipala mpaka chitapyapyala, ndipo chinagwira zaka. Loweruka loyamba la mwezi linali la Kamba yekha: kuona mafuta ofiira, kutsuka kasefa ka pavalavu m'petulo, kupukuta tizitsulo tija ndi mbali ya bokosi la machesi, kenaka kupima mpata wa pakati pake. Chopimira chenicheni ndinalibe. Ndinapeza kuti khadi la ana la kusikelo linali ndi mulingo weniweniwo. Likalowa mothina pang'ono, mpata uli bwino. Ndinkasunga khadi limodzi lopanda dzina m'thumba la ovolosi, ndipo Mayi Nangozo ankandiseka kuti mwana wangayo sakukula.

1993

Chaka chomwe tinavotera nyali kapena tambala, pakamwa pa anthu panatseguka. Munthu woti kale sankatsokomola n'komwe pamsonkhano anayamba kuimika mkono pa nkhani iliyonse. Nthawi yomweyo ndi yomwe Kamba anayamba kudwala. A Sisitere anabwera madzulo ena nkhope ili gwaa. "A Mbewe, galimoto yanu ikuchita chipongwe. Ndikukwera chitunda, injini ikungokuwa, mphamvu osaoneka, kenaka igwira modzidzimuka mpaka katemera kugubuduka kumbuyoku." Onani, ikayenda bwino inali yawo, ikavuta inali yanga.

Poti mpingo wathu unkanenedwa kuti uli mbali ya nyali pamene midzi yambiri yotizungulira inali ya tambala, anthu sanachedwe kupeza yankho. Ena ankati wina wathira mchenga m'thanki, ena ankati amulodza. A Maliseni, wapampando wa komiti ya chipatala, anayamba kutchula mayina a anthu omwe anawaona akuzungulira pagalaja. Ine ndinangotseka makutu nkugwira ntchito yanga. Masiku atatu ndinamufufuza Kamba. Mafuta ofiira anali pamzere wake, mapaipi osaba mpweya, valavu yoyera, mawaya olimba, khadi likulowa mothina. Ndinamukweza chitunda chilichonse chomwe ndimachidziwa, ndi matumba a chimanga kumbuyo, sanakuwe ngakhale kamodzi. A Sisitere atangomutenga Lachiwiri, anabwera ndi dandaulo lomwelo.

Lachinayi lotsatira ndinati, "Sisitere, lero ndikwera nawo, ndikufuna ndimve ndekha." Ndinakhala kumanzere kwawo, Mayi Nangozo kumbuyo. Makutu ndinatchera kuinjini, koma maso ndiwo anandiuza. Dzanja lamanzere la a Sisitere, lokulungidwa kolona, silinali pachiwongolero. Linali pamutu pa ndodo ya giya, ndipo linkanjenjemera. Sichinali chisanu ayi, dzuwa linali litakwera kale. Linkanjenjemera lokha, iwo nkumalikanikiza pandodopo kuti likhale bata, pansi pomwe namwino kumbuyo sakanaliona. Likagwedezeka kwambiri tizitsulo tija tinkagundana, kilachi nkutseguka, Kamba nkukuwa. Ndinamva chisoni chachikulu, ana anga, mpaka ndinatembenukira kuwindo.

"Sisitere, paja ndodoyi sifuna dzanja," ndinatero motsitsa mawu.

"A Mbewe, galimotoyi ndayendetsa zaka zinayi. Mwayamba lero kundiphunzitsa?" Anachotsa dzanjalo nkulibisa m'chovala chawo, koma tisanafike patali linali litabwerera pomwe paja.

Tandiuzani, munthu wamkulu, woti ana ako onse anatulukira m'manja mwake, umamuyamba bwanji kuti mayi, mwayamba kudwala? Ndipo ndinkadziwa komwe mawu amenewo akawafikitse. Ndiye ndinachita zomwe manja anga amadziwa. Madzulo omwewo ndinamasula ndodo ya giya, kupinda khadi lija pawiri, nkukulitsa mpata wa tizitsulo kuti dzanja longogona lisatigundanitse, pokhapokha munthu atakankha mwadala. Kamba anachira tsiku lomwelo. Mbiri inamveka yoti Mbewe wachotsa mchenga, ndipo Lamulungu a Maliseni anandigwira chanza pakhomo la tchalitchi anthu akuona. Ndinachilandira chanzacho, ndipo mpaka lero ndimachita nacho manyazi. Pofika Khirisimasi kunjenjemera kunakula, ine nkupinda khadi patatu. Kupitirira pamenepo magiya akanayamba kukukuta mano, ndiye nzeru zanga zinathera pomwepo.

1994

Ndinayamba kupeza zifukwa zokwerera nawo ulendo uliwonse. Lero ndikufuna kumva matayala, mawa ndikukaona chigayo cha kumudzi. A Sisitere ankangondiyang'ana m'mbali. Panjira yathu ya cha ku Lobi panali mtsetse wina womwe anthu a ngolo ankautcha Gwiramchira, poti potsika pamenepo ankachita kukoka ng'ombe michira. Pansi pake panali kamlatho ka matabwa kokwana galimoto imodzi. Pamalo otero Kamba ankatsika m'giya yotsikitsitsa, injini ndiyo inkamugwira, chifukwa mabuleki okha pamatope sangakuthandize.

Linali Lachinayi la m'dzinja, mvula itagwa m'mawa wonse. Pobwerera tinali asanu: a Sisitere pachiwongolero, ine pambali, kumbuyo Mayi Nangozo ndi mayi wina yemwe tinamutenga ndi mwana wake wodwala chibayo. Tili pakati pa mtsetse, injini yomwe inkabuula pogwira galimoto inangoti zii. Ndinadziwa pompo. Kamba anayamba kuthamanga yekha. A Sisitere anaponda buleki, matayala nkuuma, galimoto nkuyamba kutsetsereka chammbali. Pamlatho panali amayi atatu atasenza nkhuni, atatipatsa msana. Ndinakuwa kuti, "Dzanja, Sisitere, dzanja!" koma ndi mantha iwo anagwiritsitsa ndodoyo. Ndiye ndinachita chomwe mwamuna wa mumpingo sachita. Ndinawamenya padzanja, mwamphamvu, phaa! Kolona inaduka, mikanda nkumwazika paliponse. Kilachi inagwira, injini inakuwa ngati ing'ambika, ine ndinakoka buleki ya dzanja, Kamba nkukaima mphuno ili m'tchire la m'mbali, mapazi ochepa kuti tifike pamlatho. Amayi a nkhuni aja anatembenuka nkutipatsa moni.

M'galimoto wolira anali mwana yekha. Mayi Nangozo anawerama nkuyamba kutola mikanda. Patapita kanthawi a Sisitere anati, "Galimotoyi yayambanso, a Mbewe." Ankandiyang'ana m'maso ponena zimenezi. Ndinatsika, kuzungulira, nkutsegula chitseko chawo. Anakhala kaye osasuntha, kenaka anatsika okha. Aka kanali koyamba kuti ine ndiwayendetse mu Kamba.

Mayi wa mwana uja anasimba kuchipatala kuti tinatsala pang'ono kufa, nkhani nkufika kwa Abambo Lukasi. Anandiitana muofesi. "Loweruka komiti ikumana, a Mbewe. Ngati ndi galimoto, ikonzeni, a Sisitere apitirize ntchito yawo. Ngati pali china, komiti imve." Njira yophweka inali poyera. Ndikanangoti paipi inang'aluka, kapena kulola a Maliseni apitirize za mchenga wawo, aliyense akanakhulupirira, chifukwa panalibe munthu wodziwa Kamba woti anganditsutse. Lachiwiri a Sisitere akanakhalanso pachiwongolero, ulendo ku Gwiramchira.

Lachisanu m'mawa ndinakwera njinga kupita pa boma, kuti ndiwapeze Che Ajibu asanapite kumzikiti. Anali atakalamba tsopano, ankangokhala pampando pakhomo la sitolo akuwothera dzuwa. Ndinawafotokozera zonse, ndi za khadi lopindidwa lomwe. Anamvera mpaka ndinamaliza.

"Pamenepo unkakonza galimoto kapena unkakonza bodza?" anandifunsa.

"Ndinkawateteza, Che."

"Nanga amayi a nkhuniwo ankawateteza ndani?" Kenaka anati, "Iwe yankho uli nalo kale. Wabwera kuno kuti ndikupatse lina, ine ndilibe. Wakutsina khutu ndi mnansi, pita ukawatsine wekha asanamve pagulu."

Masana a tsiku lomwelo ndinawapeza a Sisitere kuseri kwa chipatala, atakhala pabenchi, mikanda ya kolona ili m'mbale pamiyendo. Ankayesa kuitunga, koma ulusi sunkapeza kabowo. Atandiona anaphimba mbaleyo ndi nsalu. Ndinavula chipewa nkukhala pansi, paudzu.

"Sisitere, ndabwera kudzapepesa za dzanja lija."

"Mwapepesa. Pali china?"

"Chilipo. Kamba alibe vuto. Sanakhalepo nalo." Ndinatulutsa khadi lija, mizere yopindira ikuoneka, nkuwafotokozera zomwe ndinkachita.

"Ndiye mwadziwa kuyambira liti?"

"Chaka chatha, tsiku lomwe ndinayamba kukwera nawo."

"Nkungokhala chete nthawi yonseyi?"

"Ndinkakuopani, Sisitere. Komanso ndimakuonani ngati mayi anga."

Anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. "Dzulo mwandimenya dzanja, lero mwabwera kudzandidula mwendo. Mukudziwa komwe anditumize akamva zimenezi?"

"Ndikapempha kuti ndizikuyendetsani ine. Ntchito muzigwirabe, inu muzingokhala pambali."

"Inu mumadziwa magalimoto, a Mbewe. Akuluakulu athu simukuwadziwa." Anayang'ana kumapiri nthawi yaitali. "Mawa mukanena chiyani?"

"Ndikanena kuti galimoto ili bwino. Za inu sindikatchula, si zanga. Koma bodza sindikanenanso."

"Pitani," anatero. Ndinadzuka nkumapita.

Loweruka tinakumana m'chipinda chodyera ansembe, anthu khumi ndi awiri kuzungulira tebulo, makapu a tiyi ali patsogolo. Abambo Lukasi atandipatsa mpata ndinaimirira nkunena zomwe ndinalonjeza: mafuta ali bwino, mapaipi ali bwino, mabuleki ali bwino, mchenga mulibe ndipo simunakhalepo mchenga. A Maliseni analumpha. "Nanga chaka chatha munachotsa chiyani? Masiku ano ndi a demokalase, bambo, sitibisirana! Mukuteteza ndani?" Ena anavomereza, phokoso nkukwera, wina mpaka anafunsa kuti ine ndinavotera chiyani. Ndinangoima, chipewa m'manja. Ndinali nditanena zanga ndipo sindikanawonjezera liwu limodzi.

Pamenepo a Sisitere anatulutsa dzanja lawo lamanzere m'chovala nkuliika patebulo, pambali pa kapu. Sanalikanikize. Linayamba kugwedezeka, supuni ya m'sosala nkumalira ngwengwengwe, ndipo phokoso la anthu linatha lokha.

"Wolodza galimoto ndi ameneyu, a Maliseni," anatero ndi mawu awo aakulu aja. "Mulembeni dzina. A Mbewe asiyeni, akanapanda iwo bwenzi lero muli kumaliro asanu ndi atatu." Anatulutsa kiyi m'thumba nkumukankhira kwa ine patebulopo. Mayi Nangozo analira poyera, ndipo a Maliseni anakhala pansi osamaliza tiyi wawo.

Ndinapemphadi kuti ndiziwayendetsa, ndipo Abambo Lukasi anavomera. Tinayenda chotero milungu isanu. Koma a Sisitere ankawadziwadi akuluakulu awo. Kalata inabwera yoti akapimidwe, atapimidwa inabwera ina yoti akapume, ndipo m'malo mwawo munabwera sisitere wachitsikana yemwe ndinamuyendetsa mu Kamba mpaka ndinapuma ntchito. Sikelo ya m'midzi siinaime ngakhale sabata imodzi, ndipo pa Gwiramchira sitinatsetserekenso. Ndikunenetsa, ana anga, atandibwezera ku Loweruka lija ndingaimirire nkunena zomwezo, liwu ndi liwu. Cholakwa changa chinali kupinda khadi, osati kuliwongola. Koma musaganize kuti kulondola kumagonetsa munthu tulo tabwino.

Anakana kupita pa lole ya mishoni, anati ndiwaperekeze ine. Tinanyamuka chimanga chitayamba kuuma m'minda. Mbiri inali itamveka, ndiye m'midzi ya m'mbali mwa msewu amayi anaima ndi ana kumbuyo akubayibitsa, ena akuthamangira galimoto ndi timitolo ta nyemba ndi mbatata mpaka malo a katundu anadzaza. A Sisitere ankatchula mwana aliyense dzina, ndi kukalipira wina yemwe anajomba katemera. Titatsika mapiri kunayamba kutentha, iwo nkutsegula windo.

Tinafika masana. Inali nyumba yaitali ya laimu, pakhonde patakhala masisitere anayi okalamba pamipando, onse akuyang'ana kugeti. Ndinatsitsa sutikesi yawo imodzi ndi timitolo tija. Sisitere wina anabwera ndi njinga ya odwala, iwo anaikana ndi dzanja. Anatsamira ndodo yawo yoyendera nkundiyang'ana, ndipo aka kanali komaliza kuti ndiwaone ali moyo.

"A Mbewe, mukanandinamizako pang'ono."

"Ndikanatero, Sisitere, mukanadziwa."

"Ndikanadziwa, inde," anatero. "Koma ndikanaonako dzinja lina m'midzi mwanga."

Anatembenuka nkukwera masitepe atatu a pakhondepo okha, imodziimodzi, osacheuka. Ine ndinakhala m'galimoto panja pa geti nthawi yaitali ndisanaike giya.